Mbiri ya Sitima Yapamtunda ndi Sitima za Ana a ku Zingwangwa

Omvera a m'maboma onse a dziko lino, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, nkhani ya lero ikuchokera ku Zingwangwa, dera limene lili m'tsinde mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre. Ku Zingwangwa sikudutsa njanji ndipo kulibe siteshoni. Komabe usiku kukakhala bata, munthu wokhala kumeneko nthaŵi zina amamva kulira kwa sitima yapamtunda ikamakwera kuchokera ku Blantyre kunka ku Limbe. Kulira kumeneku kwakhala kukumveka m'zigwa za mzindawu kwa zaka zoposa 100, ndipo ana a mibadwo ingapo adakula akukumva. Ena mwa anawo sadakhutire ndi kumva kokha. Adatola waya, zitini, mapesi ndi zitsekerero za mabotolo, nadzipangira sitima zawozawo pa fumbi la kuseri kwa nyumba.

Kumaiko akunja, kupanga tisitima tofanizira sitima zenizeni ndi ntchito imene ngakhale akuluakulu a imvi amaikonda, ndipo amatayirapo ndalama zambiri. Mwana wa ku Zingwangwa adaigwira ntchito yomweyo wopanda ngakhale tambala m'thumba. Tsono kuti munthu amvetse luso limeneli, ndi chifukwa chake siliyenera kufa, ayenera kuyamba wadziŵa mbiri ya sitima yeniyeniyo, pakuti mwana amafanizira chimene maso ake aona.

Njanji isanabwere, katundu wa dziko lino ankayenda pa madzi ndi pa mitu ya anthu. Sitima za pamadzi zinkachokera ku Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi, n'kukwera mu Shire mpaka kufupi ndi Chikwawa, kumene mathithi amatseka njira. Kuchokera pamenepo amtengatenga ndiwo ankasenza nsalu, mchere ndi zitsulo kukwera nazo mapiri mpaka ku Blantyre, ndipo potsika ankanyamula khofi ndi minyanga ya njovu. Azungu eniakewo ankayenda pa machila. Ntchito imeneyi inkatenga amuna zikwizikwi, kotero kuti eni minda ikuluikulu ankadandaula kuti anthu amene akadalima m'minda mwawo akuthera pa msewu. Dandaulo limeneli ndi limodzi mwa zimene zidabala ganizo la njanji. Ofuna njanjiwo cholinga chawo chidali chakuti mbewu zawo zizifika msanga ku nyanja yamchere, ndiponso kuti manja a amtengatenga amasuke akagwire khasu m'minda ya Azungu.

Mmodzi mwa amene adalimbikira ganizoli adali Eugene Sharrer, wamalonda amene adali ndi malo aakulu kuno. Kampani ya Shire Highlands Railway idakhazikitsidwa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ntchito idayambika ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Posakhalitsa madzi a mu Shire adaphwa kwambiri, sitima za pamadzi n'kumalephera kufika pa Chiromo, choncho njanji idayenera kutsika mpaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Kumtunda idatsata chigwa cha Ruo, kudzera ku Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza, mpaka idafika ku Limbe ndi ku Blantyre m'chaka cha 1908. Utali wake udali mamailosi 113, ndipo pa mtunda umenewu sitima inkakwera mamita oposa 1,000, ikukhota m'mbali mwa mapiri ngati njoka.

Amene adakumba mapiriwo adali anthu wamba okhala ndi makasu, mapiki ndi madengu osenzera dothi. Ambiri adapita ku ntchito zotere chifukwa cha msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linkauchepetsa kwa munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa Mzungu. Maina awo sadalembedwe pa siteshoni iliyonse, koma zitunda ndi ngalande zimene adakumba zilipobe. Injini ziŵiri zoyamba zimene zidagwira ntchito pa njanjiyi zidapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford ku England, ndipo zidatchedwa Thistle ndi Shamrock. Zidali zazing'ono poyerekeza ndi zimene zidabwera pambuyo pake, koma kwa munthu amene adali asanaonepo chitsulo chikuyenda chokha, chikutulutsa utsi ndi nthunzi, zidali zodabwitsa zosasimbika.

Limbe adakula chifukwa cha njanji. M'chaka chomwecho cha 1908 kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ya fodya kumeneko, ndipo likulu la njanji pamodzi ndi malo okonzerako injini zidakhazikika ku Limbe komweko. M'chaka cha 1914 njanji idatsika kuchokera ku Port Herald mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 ina yochokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, idafika tsidya linalo la mtsinjewo. Pakati pa njanji ziŵirizi padali madzi. Katundu ankatsitsidwa, kuwolotsedwa pa mabwato, n'kupakiridwanso, ndipo chilimwe chikakula mabwatowo ankatitimira pa mchenga. Vuto limeneli lidatha m'chaka cha 1935, pamene mlatho waukulu wa pa Zambezi, wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, udatsegulidwa. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 3.7. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Chipoka ndi ku Salima kudzera ku Balaka, ndipo ndi njanji imeneyi imene pambuyo pake idanyamula zidutswa za sitima ya Ilala, yopangidwa ku Scotland, imene idayamba kuyenda pa nyanja mu 1951.

Koma zokoma sizibwera zokha. Ngongole za mlatho ndi za njanji ya ku Mozambique zidagwera pa mapewa a boma la Nyasaland, ndipo mitengo yonyamulira katundu idali yokwera. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail adalemba m'chaka cha 1975 kuti njanji zimenezi, m'malo motukula dziko, zidathandiza kulisaukitsa, chifukwa ndalama zimene zikadamangira sukulu ndi zipatala zinkathera kubweza ngongole. Ena amatsutsana naye pa zina, koma mfundo yakuti mlathowo udali katundu wolemera kwa dziko losauka ndi yovuta kuikana.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, njanji idatchedwa Malawi Railways, ndipo injini za dizilo zinkaloŵa m'malo mwa za moto, zimene m'zaka za m'ma 1970 zidapumitsidwa. Mu 1970 njanji yatsopano yochokera pa Nkaya, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, idalumikiza dziko lino ndi doko la Nacala. Mu 1979, ndi thandizo la dziko la Canada, sitima idafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. Kenaka kudabwera zaka zoŵaŵa. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana udaphwasulidwa. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2010 njanji idafika ku Chipata m'dziko la Zambia, ndipo mu 2017 idatsegulidwa njira yonyamulira malasha ochokera ku Moatize kunka ku Nacala, yodzera m'dziko lino. Omvera a m'Chigawo cha Kumpoto akudziŵa okha kuti m'zaka zonsezi njanji sidafike kwawo.

Imeneyo ndiyo sitima yaikulu. Nanga yaing'ono idachokera kuti? Sitima yapamtunda itangoyamba ku England, ndi njanji ya Stockton ndi Darlington ya mu 1825, amisiri adayamba kupanga tisitima ta matabwa ndi ta malata toti ana aziseŵeretsa. Poyamba aliyense ankapanga monga mwa kufuna kwake, kotero kuti sitima ya mmisiri wina sinkayenda pa kanjanji ka mnzake. Mu 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany idaonetsa ku Leipzig tisitima tokhala ndi tinjanji ta muyeso wokhazikika, toti munthu azigula pang'onopang'ono n'kumalumikiza. Ku Liverpool, kalaliki wina dzina lake Frank Hornby, pofuna kusangalatsa ana ake, adadula tizitsulo tokhala ndi mabowo toti tizimangidwa ndi mabawuti. Adalembetsa luso lakelo mu 1901, ndipo ndilo lidatchedwa Meccano. Mu 1920 kampani yake idayamba kugulitsa tisitima toyendera sipuling'i yopukusa ngati ya wotchi, ndipo mu 1938 idatulutsa tina tating'ono kwambiri totchedwa Hornby Dublo.

Masiku ano miyeso yotchuka ndi iŵiri kapena itatu. Muyeso wa HO umachepetsa chilichonse ka 87, wa OO umachepetsa ka 76, ndipo yonseyi imayenda pa kanjanji kotalikirana mamilimita 16.5. Muyeso wa N ndi waung'ono koposa, kanjanji kake ndi ka mamilimita 9. Zinthu zimenezi n'zodula, ndipo m'masitolo a dziko lino sizinkapezeka kaŵirikaŵiri. Komabe pali mfundo imodzi ya mbiri imene iyenera kulimbitsa mtima mwana wosauka. Pa nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, boma la Britain lidaletsa kupanga zoseŵeretsa za chitsulo, mafakitale n'kuyamba kupanga zida za nkhondo. Okonda tisitima kumeneko sadaleke. Adayamba kupanga mabogi ndi tinyumba ndi makatoni, zidutswa za matabwa ndi zitini zotayidwa, ndipo luso lawo lidakula chifukwa cha kusoŵa komweko. Zimene iwo adachita kwa zaka zoŵerengeka pokakamizidwa ndi nkhondo, ana a kuno akhala akuzichita kuyambira kalekale.

Zingwangwa adakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana ankabwera ku Blantyre ndi ku Limbe kudzafuna ntchito m'mafakitale, m'masitolo, m'maofesi ndi ku njanji. Malipiro adali ochepa. Bambo akagula ufa, makala ndi sopo, n'kulipira lendi ndi fizi, sankatsala ndi ndalama yogulira mwana choseŵeretsa. Koma tauni ili ndi chuma chake cha kudzala chimene kumudzi kulibe: waya wotsala pomanga mipanda, masipoko a njinga yakufa, machubu ophulika, zitini za polishi ndi za nsomba, mapatapata oduka ndi zitsekerero za mabotolo. Mwana wa kumudzi ankaumba ng'ombe za dongo ndi kusoka galimoto ya mapesi. Wa m'tauni adatenga nzeru yomweyo n'kuiika pa waya.

Kunena zoona, chimene ana ambiri ankapanga ndi galimoto ya waya, yokhala ndi chiwongolero chachitali chimene mwini wake amagwira ali chiimire. Luso limeneli lidatchuka mpaka kunja. Mu 1990 mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene adakhalapo m'dziko lino, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna waya tsiku lonse, ndipo buku limeneli laŵerengedwa m'sukulu zambiri za kutali. Sitima idali ntchito ina. Yosavuta idali ya tiana, ya mabokosi a machesi kapena zitini za nsomba zomangidwa pa chingwe chimodzi, yokokedwa pa fumbi mwini wake akuliza mluzu ndi pakamwa. Koma sitima yoyenda pa kanjanji kake idali ya akatswiri, chifukwa galimoto imapita kulikonse kumene mwini wake waikhotetsera, pamene sitima imafuna njira yakeyake, ndipo njirayo ikalakwika pang'ono chabe imagwa. Sitima inkafunanso anthu ambiri. Wina ankapanga mutu, wina mabogi, wina ankasalaza dothi, wina ankamanga mlatho pa ngalande ya madzi a mvula. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Tsono omvera amene akufuna kuyamba ntchito imeneyi, kapena kuthandiza ana awo kuti aiyambe, asadandaule za ndalama. Choyamba chofunika ndi maso. Munthu asanapinde waya ngakhale mmodzi, aone sitima yeniyeni ndipo aijambule pa pepala. Ana a ku Zingwangwa ali ndi mwayi, chifukwa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ili pa mtunda woti munthu n'kuyenda pansi, ndipo pabwalo pake adaikapo injini zakale za moto. Pamenepo mwana atha kuzungulira injini mosaopa kanthu, kuŵerenga mawilo ake, kuona pamene pali thanki ya madzi, chumuni ndi kanyumba ka dalaivala, ndi mmene mikono ya chitsulo imalumikizira mawilo. Amene ali ku Balaka, ku Salima kapena ku Liwonde aone sitima ataima patali. Amene ali kumene njanji kulibe agwiritse ntchito zithunzi za m'mabuku. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiŵiri ndi muyeso, ndipo pamenepa masamu a kusukulu amapeza ntchito. Njanji za dziko lino, monga za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, n'zotalikirana mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndiye kuti mamilimita 1,067. N'zopapatiza poyerekeza ndi za ku England, zimene n'zotalikirana mamilimita 1,435, ndipo zidasankhidwa chifukwa njanji yopapatiza siidya ndalama zambiri ndiponso imatha kukhota m'mapiri. Wopanga ndi waya angachite bwino kuchepetsa chilichonse ka 20, chifukwa zinthu zazing'ono kwambiri zimavuta kupinda ndi manja. Akagaŵa 1,067 ndi 20 apeza mamilimita 53, ndipo kumeneko ndiko kutalikirana kwa kanjanji kake. Pa muyeso womwewo, munthu wa msinkhu wa masentimita 170 akhala kachidole ka masentimita 8.5, ndipo khoma la siteshoni la mamita 3 likhala la masentimita 15. Chilichonse chitsate muyeso umodzi, kuti dalaivala asapose injini yake kutalika. Wofuna kumvetsa kukula kwa mlatho wa pa Zambezi aŵerengere yekha: pa muyeso umenewu ukadatalika mamita oposa 180, kupitirira bwalo la mpira.

Chachitatu ndi mawilo, amene ali mtima wa ntchito yonse. Sitima ilibe chiwongolero. Chimene chimaisunga pa njanji ndi kapangidwe ka wilo, limene lili ndi mlomo wotuluka kumbali yam'kati, ndipo mawilo aŵiri oyang'anana amamangidwa molimba pa ekiselo imodzi, n'kumazungulira pamodzi. Wopanga kasitima atha kudula tizidutswa tiŵiri tozungulira pa patapata wakutha, kamodzi kokulirapo pang'ono, n'kutiphatikiza. Kakang'ono ndiko kayende pamwamba pa njanji, kakakulu kakhale m'kati ngati mlomo. Bowo likhale pakati penipeni, chifukwa wilo loboola pambali limadumpha. Sipoko ya njinga imakhala ekiselo yabwino chifukwa ndi yowongoka ndi yolimba, ndipo ikapisidwa m'kachubu ka bolopeni yakutha imazungulira mosavuta. Mawilo onse a sitima imodzi ayesedwe ndi kamtengo kamodzi, kuti pasakhale ena otalikirana kuposa anzawo.

Chachinayi ndi kanjanji. Nsungwi zong'aluza bwino ndi kupala zimakhala njanji zabwino, ndipo mitanda yake itha kukhala ya bango kapena ya timatabwa ta mabokosi otayidwa. Chida chofunika koposa pamenepa ndi kathabwa kodulidwa mamilimita 53, kamene kamaikidwa pakati pa njanji ziŵirizo pokhoma mtanda uliwonse. Amisiri a njanji yeniyeni nawonso ali ndi chida chotere. Dothi liyambe lasalazidwa ndi kutsenderezedwa, ndipo mchenga wokhakhala uthiridwe pakati pa mitanda monga momwe miyala yophwanya imathiridwira pa njanji yaikulu. Oyamba kumene amalakwa pa zinthu ziŵiri: amakhotetsa njira mwadzidzidzi, ndipo amaikweza pa chitunda chachikulu. Wilo losalala pa njanji yosalala limaterereka, n'chifukwa chake njanji ya ku Thekerani imazungulirazungulira m'malo molunjika phiri. Woyamba ayale kanjanji kowongoka kotalika mita imodzi kapena aŵiri, ayendetsepo bogi imodzi mpaka ileke kugwa, ndipo pamenepo ndi pamene angaganize za kukhota.

Thupi la injini ndi la mabogi silivuta kwenikweni. Chitini chachitali chozungulira chimakhala thanki ya injini ya moto kapena bogi ya mafuta. Katoni yolimba, yodulidwa ndi lezala ndi kumatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa, imakhala bogi ya anthu kapena ya fodya. Waya ndiye mafupa, ndipo mphira wa chubu, wodulidwa mopyapyala, ndiye womangira mfundo. Mabogi amalumikizidwa ndi tingoŵe ta waya totha kuseŵera, ndipo mu bogi iliyonse muikidwe kamwala pansi kuti ilemereko, pakuti bogi yopepuka imanyamuka pokhota. Wofuna kuti sitima iziyenda yokha atha kuchotsa kamota m'wailesi ya kaseti yakufa, n'kukalumikiza ku mabatire a tochi ndi ku ekiselo ndi kalamba ka mphira. Nthaŵi zina m'misika ya kaunjika mumapezeka tisitima tothyoka tochokera kunja, togulitsidwa motchipa chifukwa palibe akutifuna. Mawilo ndi timota take ndi chuma kwa wodziŵa. Ndipo amene adzapeze kanjanji ka mamilimita 16.5 adziŵe kuti akachepetsa sitima ya kuno ka 64, ikwana pa kanjanji kameneko. Umu ndimo amachitira okonda tisitima a ku New Zealand, kumene njanji zake n'zofanana ndi za kuno.

Pali machenjezo amene makolo ndi aphunzitsi sayenera kuŵaiŵala. Waya wopangira choseŵeretsa akhale wotayidwa kapena wopempha. Mwana asadule mpanda wa mwini, ndipo asayandikire n'komwe mawaya a magetsi kapena a mafoni. Kumeneko kuli imfa ndi milandu. Kamota kayendere mabatire okha, kasalumikizidwe ku magetsi a m'nyumba. Chitini chodula chimacheka, choncho m'mphepete mwake mupindidwe ndi kusulidwa ndi mwala. Koposa zonse, njanji yeniyeni si bwalo la maseŵera. Sitima yolemera siima msanga ngakhale dalaivala atagwira mabuleki, ndipo singapatuke. Kuika miyala pa njanji, kukwera bogi ikuyenda, kapena kumasula bawuti kuti akagulitse ngati chitsulo chakutha, ndi kuika pachiswe moyo wa anthu ambiri. Mwana amene adayalapo kanjanji kake, naona bogi yake ikugwa chifukwa cha mtanda umodzi wosoŵa, amamvetsa zimenezi kuposa amene adangouzidwa.

Ena angafunse kuti, kodi nkhani ya zoseŵeretsa za ana ili ndi phindu lanji pa wailesi ya dziko lonse? Yankho lake lili m'misika ndi m'makomo. Zoseŵeretsa za pulasitiki zochokera kunja zachuluka, ndipo ana ambiri a m'tauni tsopano amathera nthaŵi yawo pa kanema ndi pa foni. Choseŵeretsa chogula chikathyoka chimatayidwa, mwana n'kulira kuti amugulire china. Chopanga yekha chikathyoka, mwana amakhala pansi n'kufufuza pamene palakwika. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa makaniko, mmisiri wa matabwa, wowotcherera zitsulo ndi injiniya onse amayambira pa funso lomwelo lakuti chinthu ichi chalekeranji kuyenda. Dziko lonse lidamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata, atasiya sukulu chifukwa cha kusoŵa fizi pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002, adapanga makina a mphepo opereka magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakutha. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo idakhala kanema mu 2019. Manja otere sayamba tsiku limodzi. Amakula ndi zoseŵeretsa zodzipangira.

Mbiri ya njanji imene yafotokozedwa ija ikuonetsanso chinthu china. Injini zoyamba zidachokera ku England, mlatho udamangidwa ndi kampani ya ku England, njanji ya ku Lilongwe idadalira thandizo la Canada, ndipo ya malasha idamangidwa ndi ndalama za kampani ya ku Brazil. Ana a dziko lino adakumba, adasenza, pambuyo pake adayendetsa ndi kukonza, koma mapulani ndi makina kaŵirikaŵiri zinkachokera kutali. Ngati dziko lidzakhale ndi amisiri ake otha kulinganiza njanji kuyambira pa pepala mpaka pa chitsulo, adzachokera pakati pa ana amene lero akuyesa mamilimita 53 ndi kathabwa. Ndipo asakhale anyamata okha. Kale mtsikana akagwira waya ankauzidwa kuti abwerere ku masanje, koma masamu ndi manja sizisankha mwamuna kapena mkazi.

Choncho bambo akapeza mwana wake atadzaza zitini ndi mawaya kuseri kwa khitchini, asathamangire kumukalipira kuti akusonkhanitsa zinyalala. Amufunse chimene akupanga, amubwereke rula, ndipo Loŵeruka lina amutengere ku Chichiri akaone injini zakale zija. Mphunzitsi amene akuvutika kufotokoza za kugaŵa ndi za miyeso ayese kuuza ana kuti ayale kanjanji pabwalo la sukulu, gulu lililonse mita yake, ndipo aone ngati bogi idutse kuchokera ku gulu loyamba mpaka lomaliza. Ikagwa pa malire a magulu aŵiri, ana adzadziŵa okha kuti wina sadayese bwino, ndipo phunzirolo silidzaiŵalika. Agogo amene adakwerapo sitima ya moto kuchokera ku Limbe kunka ku Salima kapena ku Nsanje afotokozere adzukulu maina a masiteshoni motsatana, kuti tisiteshoni ta makatoni tikhale ndi maina enieni. M'mera m'poyamba.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.